Maboma onse tinawapeza mu Limbe

Nyumba ya ku Chitawira sinali yathu. Inali ya boma, ndipo tinkakhalamo chifukwa bambo a ana anga ankagwira ukalaliki m'boma kuyambira nthawi ya atsamunda, akadali ovala kabudula. Ana anga onse anakwawira pakhonde la nyumba imeneyo. Ndiye matipati atangobwera kumene, tsiku lina bambowa ataweruka kuntchito, n'kuvula nsapato, n'kundiuza kuti akufuna kuima nawo pa chisankho, ine ndinayamba ndaseka. Ndinafunsa ngati ndi uphungu. Anati iyayi, upulezidenti, ngati woima payekha. Ndinaseka mpaka misozi, koma iwo sanaseke.

Anawawononga ndi anthu a pamaliro. Bambowa anali mkulu wa mpingo, ndipo pakamwa Mulungu anawapatsa, zimenezo sindingawamane. Akalankhula pamaliro ku Soche, pobwerera kumanda anthu ankawagwira dzanja n'kumati mukungotaya nthawi mu ofesi, dziko lino likufuna anthu ngati inu. Mawu ongocheza panjira, abale, munthu wina aliyense amawasiya pomwepo. Anga anawatola n'kubwera nawo kunyumba.

Sabata yotsatira anabwera ndi mapepala a ku ofesi ya zachisankho n'kuyamba kundiwerengera zofunika, chala chili m'mwamba ngati ali pagome. Munthu akhale mbadwa ya dziko lino. Akhale wa zaka makumi atatu ndi zisanu kapena kuposera apo, iwo anali atapitirira kalekale. Akhale wosamangidwapo pa mlandu wa chinyengo. Apereke ndalama ya chikole. Atchule wachiwiri wake. Wachiwiriyo anali atamupeza kale, mnzawo wa bawo, bambo wina Wachisilamu amene ankayendetsa lole yake kunyamula katundu wa m'masitolo mu Limbe. Ankati Mkhristu ndi Msilamu pamodzi, palibe angatigwetse. Kenaka anawerenga mofulumira, mawu atatsika, kuti wogwira ntchito m'boma ayambe wasiya ntchito.

Ndinati bwerezani pamenepo. Atabwereza ndinafunsa, "Nanga nyumba ino, bambo?"

"Mayi, tikukalowa nyumba yaikulu kuposa ino."

Tsiku limenelo ndinalankhula. Ndinawakumbutsa kuti penshoni yatsala pang'ono, kuti ana awiri akadali pasukulu, kuti tilibe ngakhale njerwa imodzi yathuyathu mu Blantyre muno. Iwo ankangopukuta magalasi. Ndinaitanitsa ankhoswe kuti adzawabweze. Ankhoswe anabwera, anamwa tiyi wanga, anamvetsera bambowa akufotokoza za misewu ndi mitengo ya feteleza, ndipo pochoka anali atalonjeza voti yawo. Lolemba lake kalata yosiya ntchito inapita.

Chinatsala chinali chimodzi. Lamulo linkafuna kuti anthu khumi ovota a m'boma lililonse asainire munthu woimayo, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Anzathu a zipani ankatumiza magalimoto dziko lonse. Bambo anga anakhala pansi ndi wachiwiri wawo uja n'kupeza nzeru imene anainyadira mwezi wathunthu. Anati tivutikirenji ndi mafuta, Malawi yense ali mu Limbe.

Ndipo alimodi. Mu Blantyre muno palibe amene amavomera kuti kwawo ndi kuno. Munthu anabadwira ku Soche, anakulira ku Soche, ku Rumphi anapitako kamodzi kukaika agogo ake, koma mukamufunsa kwanu n'kuti adzati ku Rumphi, osaphethira. Inenso mpaka lero ndimati kwathu ndi ku Mulanje, chonsecho mano onse ndinamerera konkuno. Ndiye awiriwa ankadzuka m'mawa, jekete paphewa, n'kumazungulira mumsika wa Limbe, pa depoti, m'mashopu a m'tauni, m'tinjira ta ku Manja, funso lili limodzi lomwelo. Wa ku Dedza asaine apa, wa ku Mangochi apa. A ku Chitipa anavuta ndithu, mpaka anakapezeka pa ukwati wina ku Manja, banja lonse, ndipo anasaina asanadye. Ambiri ankabwera nawo kunyumba. Ine ndinkakwiya koma ndinkaphika, nanga mlendo ungamubweze? Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife anapita kukafunsa ku ofesi kuja ngati zikuyenda bwino. Safunsa anadya phula.

Mapepala anakapereka tsiku lomaliza, ati kuti adani asaone msanga mphamvu zawo. Ndinati sindipita. Koma amayi a kutchalitchi anafika m'mamawa atavala bwino, akuti sitingasiye mkulu wathu apite yekha, ndipo ndinapezeka ndili pamwamba pa lole, pakati pawo, akuimba kuyambira ku Chitawira mpaka m'tauni. Anthu m'mbali mwa msewu ankaima n'kumafunsana kuti ndi chipani chanji chimenechi.

Mu holo yoperekera mapepalayo munali anthu ambiri, atolankhani ali kutsogolo. Bambo anakwera ndi wachiwiri wawo, suti yakuda ya Mgonero, n'kupereka mapepala ndi manja awiri. Mkulu amene analandira anali munthu waulemu, sindimuda. Anatsegula, anayang'ana nambala za ziphaso zovotera, anatsegula tsamba lina, anaitana mnzake. Ananong'onezana. Kenaka anawerama n'kufotokoza motsitsa, koma maikolofoni inali yoyaka ndipo tonse tinamva. Anati anthu onsewa analembetsa kuvota mu Blantyre. Lamulo likufuna amene analembetsa m'boma lawolo, wa ku Karonga akhale wovotera ku Karonga.

Bambo anati, "Koma bwana, ndinawafunsa mmodzimmodzi. Kwawo ndi komweko."

Wina kumbuyo anaphulika kuseka, ndipo holo yonse inamutsatira. Ine manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ndinakoka duku kuti libise nkhope, koma ubisala bwanji utabwera ndi kwaya? Mkulu uja anati ngati angakonze zimenezi nthawi yotseka isanakwane, awalandira. Nthawi yotseka inali madzulo a tsiku lomwelo, ndipo Karonga ali kumene ali. Pobwerera panalibe woimba. Amayi anatsika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi kanthu kogula m'tauni.

Masabata otsatira sindinkatuluka. Kumsika ndinkatuma ana, ana n'kubwera akulira kuti anzawo akuwatcha ana a pulezidenti wa mu Limbe. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumbuyo n'kuthawa mdalitso usanathe. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'choti anthu omwe aja a pamaliro, amene anawakweza mumtengo, ndiwo ankaseka kwambiri. Ndinawakwiyira bambo, inde, koma ndikawaona atakhala pakhonde wailesi itazima, mkwiyo unkasanduka chisoni, ndiyeno chisonicho n'kundikwiyitsanso.

Bambo anapita ku ofesi kwawo kukapempha kuti abwerere. Anakapeza pampando pawo pali kale munthu, mnyamata amene iwo anamuphunzitsa ntchito. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando wa alendo, n'kuwauza kuti nkhaniyo inadutsa kale kwa akuluakulu. Kumapeto kwa mwezi tinauzidwa kuti tichoke, nyumba yapatsidwa kwa banja lina.

Tinapeza zipinda ziwiri za lendi ku Manja. Wachiwiri uja anabwera ndi lole yake, sanalandire kanthu, ndipo tsiku lonse sanandiyang'ane kumaso. Katundu atakwera, bambo anaima pakati pa balaza lopanda kanthu, makiyi ali m'manja. Panja panali pataima mayi wa nyumba watsopano, mtsikana ndithu, mwana kumsana, tsache ndi ndowa m'manja, akudikira kuti alowe akolope.

"Mayi," anatero bambo, "mukawapatse ndinu. Ine sindingathe."

Ndinali nditasunga mawu ambiri a tsiku limenelo, akuthwa, ndinkawanola mwezi wonse. Koma nditawayang'ana, ndinangotambasula dzanja. Ndinatenga makiyiwo n'kutuluka. Ndinamuonetsa mtsikanayo ya kutsogolo ndi ya kukhitchini, ndinamuuza kuti chitseko cha kuchipinda chimafuna kunyamula pang'ono potseka. Analandira atagwada, n'kundifunsa mwaulemu ngati tikusamukira ku nyumba yathu imene tamanga. Ndinati eya, mwanangu, n'kupita kukakwera lole.