Amuna Makumi Awiri ndi Atatu a Mayi Pagels

Mayi Waltraud Pagels anayendetsa kireni, chimakina chachitali chonyamulira katundu wolemera, zaka makumi atatu pa kampani yokhoma zombo ku Rostock. Tsiku lonse ankakhala okha m'kachipinda kagalasi m'mwamba, kunyamula zitsulo, amuna pansi akuoneka ngati nyerere. Kampani itatsekedwa anatsika, koma kukhala okha sikunathe. Mwamuna wawo anamwalira kale, ndipo mwana wawo Silke anakakhazikika kutali ku Freiburg.

Mayiwa anali aliuma. M'Chijeremani dzina la ntchito limakhala lachimuna, la akazi amachita kuliikira kamchira, timalemba toonjezera kumapeto kwa dzinalo. Iwo kamchirako sankafuna n'kukamva komwe.

"Amayi, mukamadzitchula chachimuna anthu amaganiza za mwamuna," Silke ankatero pafoni.

"Iwe, zitsulo zinkandifunsa ngati ndine mkazi? Ntchito imodzi, dzina limodzi. Mchira ndi wa galu."

Foni inkathera pomwepo, mwezi n'kutha osalankhulana.

Chaka chino sukulu ya pulayimale yapafupi inawaitana kuti akauze ana za ntchito yawo. Tibisirenji, anasangalala ngati mwana, pakuti panali patatha zaka popanda wowafunsa za kireni. Komabe anamuuziratu mphunzitsi kuti, "Anawo uwauze dzina lakale lomwe lija, lopanda mchira."

Anasita bulauzi, anapukuta chipewa chawo chakuntchito, nalowa m'kalasi. Ana anangowayang'ana pang'ono, maso n'kubwerera kukhomo. Kamtsikana kena kanakweza dzanja.

"Agogo, amuna anu akubwera m'mbuyo?"

"Woyendetsa kireniyo ndine, mwanawe."

Kalasi yonse inafa ndi phwete poyesa nthabwala. Mayi Pagels analankhulabe mpaka belu, koma mawu anali atazizira. Potsanzikana mphunzitsi, mwamanyazi, anawapatsa mphatso imene ana anakonza dzulo lake: aliyense anali atajambula mlendo amene ankamudikira.

Kunyumba anayala mapepalawo patebulo. Uyu wandevu, uyu wamapewa ngati chitseko, uyo ndudu ili pakamwa. Makumi awiri ndi atatu, amuna okhaokha. Anayambiranso kuyang'ana mmodzimmodzi, mwina pena anaphonya. Ayi ndithu. Zinawapweteka kwambiri, makamaka poti wowachotsa pazithunzipo anali iwo eni.

Anatembenuza pepala limodzi natenga pensulo kuti adzijambule okha kuseriko. Nkhope inkakana kutuluka, ndipo mumzinda monse munalibenso munthu woti amufunse mmene ankaonekera m'mwamba muja.