Amalume Sananene, Ananenetsa

Moni nonse abale.

Tangochoka kumene kumanda. Amalume a Chikakwiya tawaika kuno ku Mitundu masana ano, koma ine mtima suli m'malo.

Ena simukudziwa kuti nthawi ya chipani chimodzi, abale awo enieni a m'mudzi muno anakawanenera kwa achinyamata a chipani kuti akukana kugula khadi. Anawamenya pamsika anthu akuonerera. N'chifukwa chake anasamukira ku Nathenje kwa akazi awo aNaphiri, osadzapondanso kuno.

Dzulo pokambirana za maliro, aNaphiri anati malemuwa ankafuna kukagona ku Nathenje. Akuluakulu anayankha kuti, "Aa, anangonena ndi mkwiyo zimenezo. Mwamuna amagona kwawo." Nkhani inathera pomwepo.

Ndiye lero manda atakwiriridwa, aNaphiri andiitanira pambali. Akuti, "Bambo, amalume anu sananene, ananenetsa. Zongonena munthu amaiwala kukacha. Kunenetsa ndi pamene wakugwira dzanja, wakuyang'ana m'maso, n'kumabwereza mpaka uyankhe kuti ndamva. Ine ndinayankha kuti ndamva." Polankhulapo n'kuti atandigwira dzanja mmene malemuwo ankawagwirira iwo, mpaka zikhadabo zawo kundilowa. Zizindikiro zake ndikuziona panopa pamene ndikulemba.

Mayi aja akwera minibasi okhaokha, nkhata yawo ya maluwa sanaiike pamanda, abwerera nayo m'manja.

Abale, mwambo tausunga, koma munthuyo tamumvera? Ndipo tikapita ku Nathenje kukapepesa, tikayambira pati?