Mpando wa Akulu Anga

Ndinali ndi zaka khumi pamene akulu anga a Yotamu anabwerera kwathu ku Tembwe atamaliza kosi ya uphunzitsi. Tonse tinkati akhala nafe mwezi umodzi kapena iwiri, boma liwaitana. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, koma dzina lawo silinatuluke. Omaliza kosi anali ambirimbiri, malo ochepa.

Amama anaika lamulo lakuti munthu wophunzira sagwira khasu. Ankaopa kuti anthu akawaona a Yotamu m'dambo, matope lekeza m'mawondo, adzati sukulu yonse ija inapita pachabe. Choncho m'mawa uliwonse ankawatulutsira mpando wotsamira, umodzi wokhawo umene tinali nawo, n'kuuika pansi pa mtengo wa mango. Ife tikamapita ku mpunga, iwo ankatsala atavala malaya ositidwa, kawailesi pambali, kudikira. Ngakhale amama anasiya kuwatchula dzina, ankangoti "aphunzitsi," chonsecho a Yotamu analibe mwana ndi mmodzi yemwe womuphunzitsa.

Ine ndinkawachitira nsanje mpaka kupsa mtima. Mpunga ukayamba kucha, ntchito yoingitsa mbalame inali yanga. Ndinkakwera pansanja dzuwa lisanatuluke, kukoka chingwe chomangirira zitini, kukuwa mpaka mawu kusasa, pamene munthu wamkulu ndevu pepeya ali phee pamthunzi. Koma ndinkaonanso kuti akuwonda. Munthu amene kale ankaimba posamba mpaka agalu kuuwa, tsopano chakudya ankangochitola, moni ankayankha ndi mutu.

Tsiku lina m'mawa ndinamva mapazi kumbuyo kwanga panjira ya kudambo. Anali a Yotamu, nsapato zili m'manja.

"Nanga amama akadziwa?" ndinafunsa.

"Manje ndichite bwanji, Tamara? Mpando uja wandimaliza msana."

Anakwera pansanja, n'kukoka chingwe. Poyamba mawu awo anatuluka ochepa, amanyazi, mbalame sizinasunthe n'komwe. Ndinawaseka. Atakuwa kachiwiri, dambo lonse linamva, mbalame zinadzuka zonse pamodzi, ndipo iwo anaseka kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Kenaka anatsika, nalowa m'matope kukakonza chingwe pamene chinaduka.

Masana amama anabwera ndi mbatata zophika. Anaima m'mphepete mwa munda, maso ali pa malaya ositidwa aja amene tsopano anali matope okhaokha.

"Aphunzitsi, mufuna anthu atiseke?"

A Yotamu anayankha motsitsa mawu. "Amama, ntchito ya boma ndilibe. Musandilandenso ya pakhomo."

Amama anaika mbale pansi, nabwerera kumudzi.

M'mawa mwake mpando sunatuluke. M'malo mwake tinamva amama akumenya chitseko cha a Yotamu.

"Yotamu! Dzuwa lakwera, mbalame zatha mpunga, iwe uli gone? Uganiza mpunga udzilonda wekha?"

Chibwerereni a Yotamu anali asanakalipiridwepo. Anatuluka akumanga lamba, nkhope yonse ikumwetulira ngati munthu amene wapatsidwa mphatso. Amama anatembenukira kukhitchini msanga, koma ndinawaona akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Panapita zaka a Yotamu asanaitanidwe, ndipo zaka zonsezo analima nafe. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ulova umapweteka chifukwa chosowa sopo ndi mchere basi. Tsopano ndikudziwa kuti chimene chinkawawondetsa akulu anga ndi kudzuka m'mawa popanda munthu wowafuna, ndiponso kuti ulemu wathu ndiwo unkawonjezera ululuwo.

Ndikudziwa chifukwa chaka chino wodikira ndine. Ndinamaliza kosi ya unamwino, dzina langa silinatuluke, ndipo ndabwerera ku Tembwe. Nditafika, amama, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anandiyang'ana nthawi yaitali. Mpando uja ulipobe, koma sanautulutse. Analowa m'nyumba, natuluka ndi khasu.

Ndinalilandira ndi manja awiri.