Malekodi amene ndinapita nawo ku Mpanshya

Chaka cha chilala, chimanga chitapserera m'munda mwathu ku Mpanshya, ndinauza mkazi wanga Agnesi kuti ndikupita ku Bulawayo kukafuna ntchito. Sanakane. Tinagwada, tinapemphera, ndipo anandiperekeza mpaka pamsewu waukulu.

Ntchito ndinaipeza kwa mkulu wina amene kale anali mphunzitsi. Poyamba ndinkathirira maluwa, kenako anandiika pa malekodi ake, mbale zakuda zija, zodzaza kabati yonse. Zinali nyimbo za blues, zoimba anthu akuda a ku Amereka, zidzukulu za akapolo.

"Gwira m'mphepete, Sitefano, ngati chinthu cha paguwa," ankatero abwana. "Pa kaseti umangomva nyimbo. Pa lekodi umamva chala chikukhudza nsambo ya gitala."

Sankanama. Chizungu cha oimbawo sindinkachimva chonse, koma kulira kwawo ndinkakudziwa: ndi kwa anthu oitana Mulungu ali kudziko lachilendo. Lamlungu ndikatuluka ku Misa ndinalibe wocheza naye, kupatula iwowo.

Ndalama ndinkatumiza zochepa, miyezi ina osatumiza n'komwe. Tsiku lina ndinabwereka wailesi ya kaseti, ndinaiika patsogolo pa sipika, n'kujambulira Agnesi kaseti. Inatuluka yaphokoso ngati mvula padenga la malata. Ndinachita manyazi, koma ndinaitumizabe, ndi kalata yoti: "Uwu ndi mthunzi chabe. Zenizeni ndidzabwera nazo."

Chaka chachinayi inafika kalata ya mlamu wanga Monika, mkulu wake wa Agnesi. Analemba kuti Agnesi wagonekedwa kuchipatala, waonda kwambiri, ndibwere. Nthawiyo n'kuti abwana atalonjeza kundipatsa galamafoni yawo yakale ndi malekodi angapo pa Pasaka. Ndinayankha kuti ndibwera Pasaka ikapita, ndipo ndinayamba kusala kudya Lachisanu lililonse. Ndinkati ndi chikhulupiriro. Lero ndikudziwa kuti kunali kunyada. Sindinafune kufika kwathu chimanjamanja. Ambuye andichitire chifundo.

Pasaka itapita ndinanyamuka. Ulendo wonse bokosi la galamafoni ndi malekodi linali pamiyendo panga, nditaliphimba ndi jekete kuti dzuwa la pazenera lisapinde malekodi. Nditafika, Monika sanandilowetse m'nyumba. Ananditsogolera kumanda. Dothi linali lisanamere udzu.

Titabwerera kunyumba, anatulutsa kaseti ija, italumikizidwa ndi utoto wa m'zikhadabo pamene inaduka.

"Ba Sitefano, nyimbo zanu zamalirozi mwini wake sanali kuzikonda," anatero. "Amati azibambowa akulira ngati ng'ombe zalowa m'matope."

"Nanga inadukiranji?"

"Dikirani mumve."

Anazunguliza tepi ndi bolopeni, monga ankachitira Agnesi posunga mabatire, n'kuiika m'wailesi. Gitala inatha. Kunamveka mapazi pasimenti, mpando ukukokedwa, kenako mawu anga, otsika, ndikudzilankhulira: "Mayo ine, kodi ikujambula iyi?"

Sindinkadziwa kuti ndilimo.

"Pomwepo ndi pamene amabwerezabwereza," anatero Monika. "M'mawa, masana, ngakhale kuchipatala. Amakuyankhani kuti, ‘Ikujambula, atate ake. Kambani.’"

Anazimitsa wailesi, napukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako analoza bokosi limene ndinali nditaliika mosamala pamthunzi, kutali ndi fumbi.

"Nanga umu mwamubweretsera chiyani, alamu?"