Alamu Anga ndi Alamu Yawo

Kumadimba kwathu kuno ku Vubwi, munthu akati alamu muziyamba mwafunsa kuti ati. Pali alamu anga a Solomoni, akulu awo a malemu amuna anga. Ndiye pali alamu yawo, kawotchi kopukusa ka mabelu awiri pamutu. Onsewa ndi aphokoso, ndipo onsewa sindiwafuna.

A Solomoni analondera pafakitale ya thonje ku Katete zaka khumi ndi zisanu. Chimene anabwerako nacho ndi chijasi chonunkha ndi wotchiyo basi. Akazi awo anapirira miyezi inayi, kenaka anabwerera kwawo ku Sinda, ati atopa kugona atatu. M'mawa uliwonse bamboyo amakhala pachitsa, kupukusa kakiyi kakumbuyo, kuika wotchi kukhutu, n'kumagwedeza mutu ngati akumva uthenga wabwino. Foni amati ndi yabodza, moto ukatha imafa.

Mabanja anayi timathirira ndi ngalande imodzi. Poti wotchi ndi yawo, a Solomoni anadzisankha okha kukhala ogawa madzi, aliyense maola awiri. Lamulo lawo ankalinena ngati vesi: "Madzi satembenuka alamu isanalire." Koma maola awo awiri ankatalika mpaka masana, anga ankatha ndisanafike ndi pakati pomwe. Dzuwa la Okutobala litakula, matimati anga anayamba kuyoyola maluwa, pamene ndi matimatiwo amene amadyetsa ana anga atatu.

"Alamu, kodi wotchi yanuyi imathamanga ikaona ine?" ndinawafunsa.

"Amake Beauty, chitsulo chilibe chibale. Kakanganeni ndi dzuwa."

Ndinapsa mtima, koma ndinangoti chabwino. M'mawa mwake ndinabisala m'nthochi, ndipo ndinawaona ndi maso angawa akubweza mivi m'mbuyo pa nthawi yawo. Ndinakuwa mpaka madimba onse anamva. A Jonas, oyandikana nawo dimba, ndiwo anagamula: wotchi izipachikidwa pamtengo wa mango poonekera, mivi asaikhudze munthu, mwiniwake azingopukusa kiyi.

Apa ndi pamene nzeru zinawathera alamu anga. Iwo ankayesa wotchi ili ngati ng'ombe yapangolo, ukaikwapula imathamanga. Lachinayi, madzi atangolowa m'mizere yanga, anapita pamango paja ati akuipatsa mphamvu. Anapukusa, kiyi inalimba, iwo osaleka, mano ali gwa. Ndinangomva kuti thwa! M'kati munaduka kanthu. Anaiika kukhutu, anaigwedeza, anaibwezera pamsomali mwakachetechete, n'kuchokapo akuimba kamluzu. Ine ndinapitiriza kuthirira ngati sindinaone.

Dzuwa litafika pamutu anabwera ndi khasu kudzatseka madzi. Anandipeza nditaima pangalande, langa khasu lili m'manja.

"Nthawi yanu yatha kalekale, mlamu."

"Yalira?"

"Yadwala pang'ono, koma dzuwa mukuliona nokha."

"Dzuwa munati ndikangane nalo ine. Madzi satembenuka alamu isanalire."

A Jonas ndi ena anali atafika, akuseka chamumtima. Palibe anathandiza alamu angawo, poti aliyense anali ataberedwapo madzi. A Solomoni anatukwana, anatchula malemu mng'ono wawo, anati ndine mkazi wopanda mwambo, kabichi wawo akufota ine ndikuonerera. Mawu anachita kusasa.

"Amene akulira ndi alamu anga," ndinatero. "Ife tikudikira alamu yanu."

Tsiku limenelo matimati anga anamwa mpaka kukhuta. Pano madzi timagawa ndi foni ya a Jonas, ndipo a Solomoni amadikira nthawi yawo ngati wina aliyense. Koma m'mawa mukadutsa pakhomo pawo mudzawapeza pachitsa paja, akupukusa kiyi yongozungulira, n'kuika wotchi kukhutu. Ana anga amati ndiwamvere chisoni. Ine ndimati ndiyamba maluwa amene anayoyoka aja akabwerera.