Folo Koloko ya Kwathu

Linali Lachinayi la sabata yotsatira Pasaka, teni koloko m'mawa, pamene ndinakhala pakhonde kudikira mlendo. Akatekisiti a kutchalitchi kwathu anali atandiuza kuti kwabwera mayi wina wa ku yunivesite ya ku Malawi. Bungwe lina linawapatsa thandizo kuti akhale chaka chathunthu akufufuza mbiri ya anthu a m'malire, ndipo ankafuna kucheza ndi ife amene tinawoloka nyanja n'kudzakwatiwa kuno ku Mbamba Bay. "Akuti afika folo koloko," anatero.

Kuno ola lachinayi, saa nne m'Chiswahili, ndi teni koloko ya kwathu, m'mawa dzuwa litangokwera. Ndiye ndinasambitsa mwana wanga wazaka zitatu, ndinavala chitenje chimene amayi anandipatsa ndikuchoka ku Nkhotakota, n'kuwiritsa tiyi. Tiyiyo anazizira. Apongozi anga podutsa ndi dengu la chinangwa anandiseka m'Chiswahili kuti, "Mlendo wakoyo akubwera chosambira?"

Mayi aja anafika madzulo, chikwama paphewa. Nditawauza chapansipansi kuti ndawadikira kuyambira m'mawa, anagwira pakamwa, kenako anaphulika kuseka.

"Achemwali! Folo koloko ya kwathu mwaiiwala? Wotchi yanu inagwera m'nyanja powoloka?"

Ndinaseka nawo, koma mumtima munandiwawa. Sindinadziwe kuti ngakhale dzuwa ndinali nditayamba kuliwerenga mwachilendo.

Anaika kachojambulira mawu pamphasa. Ndinawauza kuti ine za mbiri sindidziwa, sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Iwo anati ndingonena za kwathu. Poyamba mawu ankandisowa, chifukwa chifikireni kuno Chichewa ndinkangochilankhula pafoni. Nditangobwera kumene, amayi anzanga oyanika usipa pamathandala ankanditsanzira malankhulidwe, ndipo ndinatseka pakamwa mpaka ndinaphunzira awo. Koma tsikulo pakamwa panatseguka. Ndinanena za dimba la mpunga la amayi, za mmene tinkaingitsira mbalame ndi zitini, za mng'ono wanga amene anakwatiwa ine kulibe.

Mwana wanga anabwera kudzagwira kachojambulira kaja. Mayiwo anamukodola.

"Iwe kamtsikana, bwera kwa azakhali. Wadya chiyani lero?"

Mwanayo anandiyang'ana. "Mama, anasema nini?" Ankandifunsa kuti akuti chiyani.

Mayi aja anatembenukira kwa ine. "Nanga agogo ake akaimba foni, amamva bwanji?"

Ndinawauza. Ndimamuikira foni kukhutu, amayi amaitana kuti mdzukulu wanga, mdzukulu wanga, iye amangopumira m'foni. Amayi amati watengera ine manyazi. Maso awo akunka nafooka, ndipo amandiuza kuti akufuna kumva mwanayo akuwaitana maso awo asanatheretu, kuti akadzalephera kumuona azidzamudziwira mawu.

Potsanzikana anati sabata yamawa akwera sitima kubwerera kutsidya. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu wopita ku Kihagara. Ndinkalakalaka atakhalabe, osati kuti andifunse zina, koma kuti azingolankhula, ine ndizimva. Ndinalephera kunena. Ndinangoti ayende bwino, iwo n'kuti tsalani, ndipo ndinaima pomwepo mpaka njinga yamoto imene anakwera inakhota.

M'mawa mwake ndinatunga madzi m'beseni, n'kuima pakhomo la chipinda. Apongozi anali panja pomwepo akusesa.

"Dzuka, mwanawe. Bwera ndikusukusule," ndinamuitana mwana wanga m'Chichewa.

Anandiyang'ana ngati ndikuimba nyimbo. Tsache la apongozi linasiya kulira. Ndinanenanso, mokweza, ndikumuonetsa madziwo. Ndinabwereza mpaka anatsika pabedi n'kubwera.