Pikapu zitatu za ku Nathenje

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo amene akudikira kuti ndipepese ayambe wakhala pansi.

Malume anga, a Fanuel, ali ndi gitala yamagetsi yofiira. Pansi pa nsambo zake pamakhala kachipangizo kamene oimba amati pikapu: maginito okulungidwa ndi waya woonda ngati tsitsi. Ndi kameneko kamene kamamva kulira kwa nsambo n'kukutumiza ku sipika. Ine ndinakamasula, ndinasolola maginitowo, n'kubwezerapo chivundikiro chokha. Kusukulu ndinawayendetsa kunsi kwa desiki yanga, pamene aphunzitsi a Baibulo amakonda kusiya makiyi. Makiyi anayamba kuyenda okha. Theka la Fomu 2 linatulukira pawindo. Atandigwira, aphunzitsiwo anapana maginito ndi timitengo tiwiri n'kukawaponya m'chimbudzi.

Sabata yomweyo kunabwera uthenga wochokera ku Nathenje wakuti a Binwell akufuna kumva gitala. A Binwell ndi amene ankaimba pakamwa m'bandi ya Malume. M'bandimo anali anthu anayi. Wa ng'oma ndi wa besi tinawaika kale m'manda, ndi matenda oondetsa aja amene akuluakulu satchula dzina. Malume analumikiza gitala ku sipika, sipika ku batire la galimoto, nakhudza nsambo. Zii. Anandiyang'ana, osafunsa n'komwe.

"Mawa unyamula batire," anatero.

Loweruka m'mawa, kukuzizira kwa June, tinakwera matola pamsika wa Mitundu. Munthu K6, batire K2.

"Batirenso limalipira?" ndinafunsa.

"Lakhala pamalo pa mwana, bwana wamng'ono," anayankha wothandizira dalaivala, akukankhira dengu la nkhuku pamiyendo panga.

Njira yonse anthu ankakangana za zipani. Wina wa malaya achikasu, wina wa chipewa cha tambala, malovu kuulukirana pamwamba pa matumba a mtedza. Mkulu wina anagwedeza mutu n'kuti, "Zaka zitatu zapitazo tikanalankhula chonchi, bwenzi galimoto yonse itatsikira kupolisi, ndi nkhuku zomwe." Tonse tinaseka kupatula Malume. Iwo anangokumbatira gitala yawo m'thumba la feteleza.

Pamphambano ya ku Bunda tinatsika kudikira minibasi ya ku Nathenje, ya K8. Malume anandigulira zitumbuwa ziwiri ndi thobwa. Iwo sanadye. Pamene ankabweza chenji m'thumba, ndinaona kuti lamba wawo ali ndi bowo latsopano, loboola ndi msomali. Ndinayang'ana kumbali, n'kuyamba kuwerenga malole a fodya.

Tinafika ku Nathenje dzuwa lili paliwombo. Kuseri kwa amayi ogulitsa tomato kuli kachisakasa ka a Kalonga okonza mawailesi. Malume atafotokoza, a Kalonga anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kuzidendene, kenako anatulutsa chitini cha mabisiketi. Munali pikapu zitatu.

"Iyi ndi ya ku Joni. Iyi ya ku Japani. Zonse ziwiri anandigulitsa akazi amasiye, magitala ake atathyoka kale. Yonyansayi anakulunga ndi manja munthu wina wothawa nkhondo wa ku Mozambiki, ndi waya wa m'wailesi yakufa. Anabwerera kwawo, anandisiyira."

Malume anazitembenuza m'manja, osatha kusankha.

"Asankhe amene waitanitsa gitala," anatero a Kalonga. Anatseka chisakasa, ananyamula mbaula ndi kachitsulo kawo kowotcherera, ife patsogolo, ine pambuyo ndi batire pamutu.

A Binwell tinawapeza pakhonde, pamphasa, atafunda bulangete dzuwa likuswa mtengo. Munthu amene ankadzaza holo ndi mawu anali atatsala maso ndi mawondo. Akazi awo, a Nachisale, anawatsamiritsa kukhoma.

"Achimwene, mwabwera ndi mkazi wanu wofiira uja?" anatero a Binwell.

"Ndabwera naye, koma wina anamudula lilime."

Inayamba ya ku Joni. A Kalonga anawotcherera mawaya, Malume anamanga nsambo. Itangolira, ana anathamanga kuchokera kumjigo. Mawu ake anali akuthwa, owala, ngati ndalama yachitsulo yagwa pasimenti. Malume anamwetulira koyamba tsiku limenelo, chifukwa inkafanana ndi imene ndinawononga ija. Anayamba nyimbo yawo yakale, ya mtsikana wa ku Malingunde amene analonjeza kubwera mvula ikatha. A Binwell anatsegula pakamwa, anakweza khosi, koma panatuluka mpweya wokha, kenako chifuwa. Anatsokomola mpaka a Nachisale anabweretsa kabeseni.

"Imeneyo ikufuna Binwell wakale," anatero atapuma. "Ichotseni."

Ya ku Japani inkalira ngakhale munthu asanakhudze nsambo: nziii.

"Udzudzu ndili nawo wokwanira m'nyumbamu," anatero a Binwell, ndipo ngakhale a Nachisale anaseka.

Inatsala yonyansa ija. Mawu ake anali otsika, osasa, ngati munthu akulankhulira mumtsuko. Nsambo zing'onozing'ono sizinkamveka bwino n'komwe. Malume anakwinya nkhope.

"Iyi ndi yodwala, a Kalonga."

"Ndiye ndi mnzanga," anatero a Binwell. "Musaichotse. Tsitsani nsambo pang'ono, muyambirenso."

Malume anatsitsa. Ndipo a Binwell anaimba. Sanali mawu a pasiteji, anali a munthu wonong'oneza, koma gitala sinawapondereze. Inkayenda nawo limodzi, yonse yosasa, ngati anthu awiri otopa akubwerera kumunda. Anamaliza ndime ziwiri. A Nachisale anadziphimba kumaso ndi chitenje. Malume ankaliza gitala atayang'ana kudenga la khonde, misozi ikutsikira m'kolala. Ine ndinagwiritsitsa waya wa batire kuti usasunthe, ndipo ngati m'maso mwanga munali madzi, unali utsi wa mbaula.

Pambuyo pake, Malume atawafotokozera za makiyi aja, a Binwell anandikodola.

"Mphwanu wodula malilime ndi ameneyu? Sendera kuno."

Anandigwira khutu kuti alipotokole, koma zala zinalibe mphamvu.

"Makiyiwo anayendadi?"

"Anayenda, bambo, mpaka anakagwa pansi."

Anaseka opanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

Anamwalira Lachitatu lotsatira. Pobwerera kumaliro ndinafunsa Malume ngati tidzapite kukasinthitsa, titenge ya ku Joni ija.

"Isiye yomweyo, mphwanga," anatero, akumangitsa lamba. "Nanenso ndidzaifuna."

Chilango changa chinabwera pawiri. Ahedi anandikumbitsa dzenje la chimbudzi chatsopano, ndipo Malume analamula kuti kulikonse kumene gitala ikupita, batire likhale pamutu panga. Dzenje ndinakumba ndikuimba mluzu. Anzanga amati ndipepese, koma taganizani: ndikanapanda kusolola maginito aja, gitala ikanapita ku Nathenje ndi mawu ake akuthwa, ndipo a Binwell akanapita kumanda osaimba. Za batire sindidandaula. Khosi lafupikako, koma ndinali wamtali kale. Bola Malume azindisenzetsabe, chaka chino ndi chamawa chomwe.